Tripod yotchipa yomwe ikupirira mphepo ya ku Dedza

Amene mwangoyamba kumene kujambula ndipo m'thumba simuli bwino, gulani tripod (sitandi ya miyendo itatu yoikapo kamera) ya aluminiyamu ya miyendo yokhuthala, yokhala ndi chogwirira pamutu. Yanga ndi yotero. Ndinaigula m'mashopu a zamagetsi ku Area 2 ku Lilongwe, poti pa Dedza boma pano zomwe zimapezeka kwambiri ndi timasitandi ta mafoni. Dzina la pa bokosi lisakuvutitseni, chifukwa tripod yomweyo ya ku China imabwera ndi mayina osiyanasiyana. Za makampani otchuka monga Manfrotto, Benro ndi Vanguard n'zabwinodi, koma mtengo wake ukhoza kukugulirani lensi yogwiritsidwapo kale ntchito, yomwe woyamba kumene amaifuna kwambiri.

Timasitandi tija, ta miyendo yopyapyala ngati mapesi, musatiyikire kamera. Sikuluwu yake imalowa ndithu, popeza makamera pafupifupi onse ali ndi bowo limodzi la kota inchi, ndipo wogulitsa adzakuwonetsani zimenezo n'kunena kuti "bwana, yakwana iyi". Kulowa kwa sikuluwu sikukutanthauza kuti miyendo inyamula katunduyo.

Kamera yanga ndi Canon EOS 2000D. Payokha imalemera magalamu 475, ndipo ndi lensi ya 18-55mm sifika kilo imodzi. Pa bokosi la tripod analemba kuti imanyamula makilo 3. Ine nambala imeneyi ndimaidula pakati. Ndi lensi yaing'ono ija kamera imakhala nji, koma ndikayikapo ya 75-300mm n'kuitulutsa yonse, mutu umawerama pang'ono ndikangochotsa dzanja, moti ndimayamba ndaloza m'mwamba pang'ono kuti ukatsika ufike pomwe ndikufuna. Zimatopetsa, komabe pa mtengo umenewu ndimazilola.

Mayeso enieni kuno ndi mphepo. Mu June ndi July, ukakwera phiri la Dedza, lomwe nsonga yake ili pa mamita 2,198, mphepo imakankha ngakhale munthu. Chomwe chimandipulumutsa ndi kangowe kamene kali kunsi kwa mzati wapakati. Ndimakolekapo chikwama chokhala ndi botolo la madzi la malita 2, ndipo lamba wake ndimamutalikitsa kuti chikwamacho chizikhudza pansi. Chikalendewera m'malere chimayamba kugwedezeka, n'kumagwedezanso kamera. Mzati wapakatiwo sindiukweza kukakhala mphepo. Mukaukweza mpaka kumapeto, kamera imakhala pa mwendo umodzi wowonda, miyendo itatu ija yatsala pansi. N'chifukwa chake kutalika komwe amalemba pa bokosi sikundikopa. Funsani kutalika kwake mzati uli pansi. Potambasula miyendo yambani ndi zigawo zokhuthala zakumtunda, zowonda zakunsi zikhale zomalizira.

Ku Chentcherere, amodzi mwa malo 127 a zojambula zamakedzana za Chongoni zomwe UNESCO inazilemba m'kaundula wake mu 2006, ndi komwe ndinaona ubwino wa tripod yanga ndi malire ake omwe. Pansi pa thanthwe kuwala n'kochepa. Ndinasiya ISO, muyeso wa momwe kamera imamvera kuwala, pa 100, ndikutchera timer ya masekondi 2 kuti chala changa chisagwedeze kamera, ndipo mizere ya utoto woyera inatuluka bwinobwino, mpaka timing'alu ta mwalawo. Koma miyendo ya tripod imeneyi ndi yolumikizidwa ku mzati ndi tizitsulo titatu, ndiye siyingatambasuke uliwonse pawokha. Pa miyala yokwera ndi yotsika umalimbana nayo, ndipo kujambula chapafupi ndi nthaka sikutheka.

Pa maukwati ndi zinkhoswe ilibe vuto. Chogwirira chija chimathandiza kutembenuza kamera pang'onopang'ono potsatira anthu akuvina pa perekaniperekani, kanema osadumphadumpha. Amene mukufuna zithunzi zokha mungakonde mutu wa mpira, womwe umafulumira kusintha, koma pa kanema chogwirira ndiye chabwino. Ikapindidwa ndimaibereka kumsana pa kabaza popanda kuvutika. Chikwama chomwe inabwera nacho ndiye chachabechabe, zipi inafa msanga, ndinakasoketsa china kwa telala.

Kapuleti kopanira kamera kasamaleni. Kanga n'kapulasitiki ndipo kamalowa pa mutu wa mtundu womwewu basi. Kakatayika pa ukwati, ntchito yaima. Mukapeza tripod ya puleti ya mtundu wa Arca-Swiss pa mtengo woti mungaukwanitse, tengani imeneyo, popeza mapuleti ake amasinthana pakati pa makampani ambiri.

Musagule ili m'bokosi. Pitani ndi kamera yanu, tambasulani miyendo yonse, tsekani zotsekera, kenako kanikizani pamutu ndi chikhatho. Mwendo ukalowa mkati ngakhale pang'ono, isiyeni. Gwirani mutu n'kuupotoza uku ndi uku: yabwino imakana, yofooka imapindika. Mayeso omwewa achiteninso pa Manfrotto yakale yomwe mwaiona pa Facebook, ndipo mobile money muitumize pokhapokha mwaigwira m'manja ndi kuona kuti puleti yake ilipo.