Upwork kwa wopanga zithunzi zoyenda: malipiro ndi otetezeka, koma luso silionekera msanga

Aliyense amene amagwira ntchito ya motion design, lomwe ndi luso lopangitsa zilembo, zizindikiro za makampani ndi zojambula kuti ziziyenda pa kanema, ndipo wasankha kugwira payekha popanda bwana womulipira pakutha pa mwezi, amafika pa funso loti makasitomala awapeza kuti. Yankho limene ambiri amapatsidwa msanga ndi Upwork, webusaiti imene imakumanitsa anthu ofuna kugwiriridwa ntchito ndi akatswiri ogwira ntchito paokha. Ine ndimaigwiritsa ntchito, ndipo maganizo anga ndi akuti Upwork ndi yodalirika kwambiri pa nkhani yoti munthu alandire malipiro ake, koma ndi yofooka pa nkhani yoonetsa luso limene wopanga zithunzi zoyenda akugulitsa, chifukwa inamangidwa kuti anthu aziwerenga mawu ndi kuyerekeza mitengo, pamene ntchito yathu kasitomala amaigula ataiona ndi maso ake.

Kampaniyi inabadwa pamene Elance ndi oDesk, mawebusaiti awiri amene ankapikisana pa malonda omwewa, analengeza mu 2013 kuti aphatikizana, ndipo dzina la Upwork linayamba kugwira ntchito mu 2015. Mbiri imeneyi ndi yofunika kuidziwa chifukwa oDesk inatchuka ndi pulogalamu yowerengera maola a anthu ogwira ntchito kutali, makamaka olemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo mtima umenewo udakalipo mu Upwork ya lero.

Kasitomala amalemba ntchito imene akufuna, ndipo akatswiri amatumiza makalata ofunsira ntchitoyo. Kutumiza kalata si kwaulere, chifukwa kalata iliyonse imadya timatikiti totchedwa Connects, timene munthu amagula tikamuthera, ndipo ntchito zina zimafuna timatikiti tambiri kuposa zinzake. Palinso mwayi woonjezera Connects kuti kalata yanu ikwere pamwamba pa mndandanda umene kasitomala amaona, zomwe zimakhala ngati kubetcha pakati pa ofunsira. Cholinga cha dongosololi ndi chomveka, chifukwa limaletsa anthu kumwaza makalata paliponse mosaganiza. Koma kwa munthu wongoyamba kumene zimatanthauza kuti amalipira asanapeze kalikonse, ndipo ngati kasitomala wawerenga makalata ochepa n'kusankha munthu wina, timatikiti tija tapita.

Vuto lalikulu kwa ife lili pa zimene kasitomala amayamba kuona. Pa mndandanda wa ofunsira pamaoneka chithunzi cha nkhope yanu, mtengo wanu, mbiri ya ntchito zimene mwamaliza, ndi mizere yoyamba ya kalata yanu. Showreel yanu, kanema wamfupi uja amene mwasonkhanitsamo ntchito zanu zabwino koposa, kasitomala saionera pomwepo. Ayenera kutsegula kalata kapena tsamba lanu n'kudina kuti iyambe. Wolemba nkhani akhoza kuonetsa luso lake m'mizere iwiri yoyambayo, koma munthu amene luso lake lili pa kayendedwe ka chinthu, pa mmene chilembo chikufulumirira n'kuima mofewa, alibe njira yoonetsera zimenezo m'mawu. N'chifukwa chake kalata imene imagwira ntchito ndi yaifupi, yosayamba ndi malonje aatali kapena mbiri ya sukulu, koma yotchula ntchito imodzi imene munapanga yofanana ndi imene kasitomala akufuna, n'kuika linki ya kanema ameneyo yekha. Kasitomala amene akufuna kanema wofotokoza mmene pulogalamu yake ya pafoni imagwirira ntchito safuna kuonera logo zikuzungulira kwa mphindi yathunthu. Akufuna umboni woti munapangapo chofanana ndi chake.

Makasitomala a pa Upwork ndi osiyanasiyana kwambiri, ndipo ambiri mwa iwo akugula zithunzi zoyenda koyamba. Mudzapeza eni mabizinesi ang'onoang'ono ofuna kuti logo yawo iziyenda kwa masekondi asanu, eni matchanelo a YouTube ofuna mitu ndi mawu oyenda pansi pa kanema, makampani a mapulogalamu ofuna tizithunzi toyenda topepuka totchedwa Lottie toika mu app, ndi ena ofuna kanema wofotokoza malonda awo. Anthu otere kawirikawiri sadziwa kuti mphindi imodzi ya kanema woyenda pa mafuremu (zithunzi zosayenda zimene zimapanga kanema) 24 pa sekondi ili ndi mafuremu 1,440, komanso kuti kuvuta kwa ntchito sikuyezedwa ndi kutalika kwa kanema kokha. Masekondi khumi a munthu wojambulidwa akuyenda ndi kulankhula akhoza kudya nthawi yoposa mphindi ziwiri za zilembo zongotsetsereka. Motero mtengo umene kasitomala walemba pa ntchito nthawi zambiri umakhala wongoganizira, ndipo gawo lalikulu la ntchito yanu yoyamba limakhala lomuphunzitsa chimene akugula. Pamenepa ndiyamikire Upwork pa chinthu chimodzi: musanawononge Connects zanu, imakuonetsani ngati njira yolipirira ya kasitomalayo inatsimikizidwa, ndalama zimene wawonongapo kale pa webusaitiyi, kuchuluka kwa ntchito zimene analembadi munthu, ndi ndemanga za akatswiri amene anagwira naye. Amene amawerenga zimenezi mofatsa amapewa ntchito zambiri zongotayitsa nthawi.

Mphamvu yeniyeni ya Upwork ili pa mgwirizano wa mtengo wokhazikika. Kasitomala amaika ndalama kwa Upwork ngati chikole ntchito isanayambe, ndipo inu mumaona kuti ndalamayo yaikidwadi. Mukapereka ntchito kudzera pa batani loyenera, kasitomala amakhala ndi masiku 14 oti avomereze kapena apemphe kuti mukonze zina, ndipo akangokhala chete ndalamayo imatulutsidwa yokha, kenako imadikira masiku asanu a chitetezo isanafike poti mungaitape. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo aliyense amene anatumizapo invoisi kwa munthu wa kutsidya kwa nyanja n'kumadikira miyezi akudziwa kufunika kwa ndalama imene yaikidwa kale pamalo.

Chosangalatsa kwambiri n'chakuti mgwirizanowu umatha kugawidwa m'magawo, gawo lililonse ndi chikole chake, ndipo magawo amenewa amagwirizana bwino ndi mmene ntchito ya zithunzi zoyenda imayendera mwachibadwa. Gawo loyamba likhoza kukhala mawu a kanema ndi storyboard (zojambula zotsatizana zoonetsa mmene nkhani idzayendere), lachiwiri zithunzi zosayenda zoonetsa mitundu ndi maonekedwe a kanemayo, lachitatu animatic imene imaonetsa nthawi ya chochitika chilichonse pamodzi ndi mawu a wolankhula, ndipo lomaliza kanema weniweni. Ubwino wa kugawa kotereku sukhudza ndalama zokha. Kasitomala akavomereza storyboard n'kulipira, wasaina kuti nkhani ndi imeneyo, ndipo akadzafuna kusintha chiganizo cha pakati kanema atatsala pang'ono kutha, muli ndi poyambira pomuuza mwaulemu kuti kusinthako ndi ntchito yatsopano. M'ntchito yathu kusintha chiganizo chimodzi kumatanthauza kujambulanso mawu, kusuntha nthawi ya zonse zotsatira, ndi kuchitanso render (kuti kompyuta itulutsenso kanema womalizidwa), ndipo kasitomala amene sanagulepo kanema sangazindikire zimenezi ngati simunamuuze pachiyambi. Lamulo langa ndi loti gawo lililonse lilembedwe kuti kukonza kudzachitika kangati, kanema adzaperekedwa mu 16:9 (wopingasa) yekha kapena ndi 9:16 (woimirira, wa pafoni) yomwe, komanso amene adzagule chilolezo cha nyimbo ndi mafonti ndi ndani. Gawo limene kasitomala sanaikepo chikole musaliyambe, ngakhale atalonjeza bwanji, chifukwa chitetezo cha Upwork chimafika pa ndalama imene yaikidwa yokha.

Mgwirizano wolipira pa ola ndiwo sindiukonda pa ntchito yamtunduwu. Kuti maola anu atetezedwe, muyenera kuyatsa pulogalamu ya Upwork imene imajambula sikirini yanu kamodzi pa mphindi khumi zilizonse ndi kuwerenga mmene mukugwiritsira ntchito kiyibodi ndi mouse, ndipo maola olemba pamanja alibe chitetezo chimenechi. Kwa munthu wolemba mapulogalamu kapena wolowetsa manambala, muyeso umenewu ukhoza kukhala wachilungamo. Koma wopanga zithunzi zoyenda amatha nthawi yaitali akujambula papepala, akuonera masekondi atatu omwewo mobwerezabwereza kuti amve ngati kayendedwe kali bwino, kapena akudikira kompyuta imalize render ya mapulogalamu a zithunzi za 3D monga Cinema 4D kapena Blender, ndipo pa nthawi yonseyi pulogalamuyo imaona ngati munthu wangokhala. Kuonjezera apo, kulipidwa pa ola kumalanga munthu waluso amene amamaliza msanga. Mgwirizano wa pa ola umathandiza pokhapokha pamene kasitomala wakale akukutumizirani tintchito tating'ono tosatha, monga kusintha mawu pa makanema amene munapanga kale.

Pa ndalama imene Upwork imadula, malamulo asintha kangapo. Kale inkadula 20 peresenti pa ndalama zoyamba zochokera kwa kasitomala aliyense, n'kutsika kufika pa 10 kenako pa 5 pamene mukugwirabe ntchito ndi munthu yemweyo. Mu 2023 inaika 10 peresenti kwa onse, ndipo mu 2025 inasinthanso n'kuyamba kudula mosiyanasiyana, kuyambira pa 0 kufika pa 15 peresenti, malinga ndi ntchito. Chiwerengerocho chimaoneka musanatumize kalata, choncho ndi bwino kuchiphatikiza pa mtengo wanu pamodzi ndi zimene mwawononga pa Connects komanso zimene zidzadulidwe potapa ndalama.

Mbiri ya munthu pa webusaitiyi imayezedwa ndi Job Success Score, chiwerengero choonetsa mmene makasitomala akhutirira ndi ntchito zake, ndipo kuti mupatsidwe chizindikiro cha Top Rated mufunika kukhala pa 90 peresenti kapena kuposerapo. Chimene ambiri sadziwa poyamba n'chakuti kupatula nyenyezi zoonekera kwa aliyense, kasitomala amaperekanso ndemanga yachinsinsi imene inu simuiona koma imakhudza chiwerengerocho. Zotsatira zake n'zakuti munthu amene wamaliza ntchito zochepa amachita mantha kukana pempho la kasitomala, ngakhale pempholo litadutsa malire a mgwirizano, poopa kuti ndemanga imodzi yoipa imugwetsa. Pa luso limene kukongola kwake munthu aliyense amakuona mosiyana, mantha amenewa amadya maola ambiri osalipidwa, ndipo njira yokhayo yowachepetsera ndi kusankha kasitomala mosamala ndi kulemba malire momveka bwino ntchito isanayambe.

Tikayerekeza ndi ena, Fiverr, webusaiti ina ya malonda omwewa imene inayamba mu 2010 ku Tel Aviv, imayenda mosiyana: inu mumaika malonda anu m'magulu atatu a mitengo, kasitomala amabwera yekha, ndipo kanema wanu amaoneka pa tsamba lofufuzira, zomwe ndi zabwino kwa ife. Koma imadula 20 peresenti, ndipo imakomera ntchito zofanana zobwerezabwereza monga kuyendetsa logo. Behance, webusaiti yoonetserapo ntchito za akatswiri ojambula imene kampani ya Adobe inagula mu 2012, ndiyo malo amene ntchito imaoneka mu ulemerero wake wonse, ndi zithunzi zazikulu ndi kufotokoza njira imene munadutsa, ngakhale kuti ambiri oonera kumeneko ndi akatswiri anzanu. Zimenezi si zopanda phindu, chifukwa mkulu woyang'anira zojambula pa studio kapena pa kampani yotsatsa malonda amafufuza anthu pa Behance, Vimeo ndi LinkedIn, kapena amafunsa anzake, ndipo anthu amenewa ndiwo amabweretsa ntchito mobwerezabwereza, amadziwa kale tanthauzo la animatic, ndipo amalipira pa tsiku. Anthu otere sapezeka kawirikawiri pa Upwork, choncho amene akufuna kugwira ntchito ndi mastudio ayenera kuwalembera yekha imelo yaifupi yokhala ndi linki ya showreel, n'kuwakumbutsa pakapita nthawi akakhala ndi ntchito yatsopano yoonetsa.

Pali malamulo awiri amene munthu ayenera kuwawerenga asanasaine mgwirizano woyamba. Loyamba ndi loti kasitomala amene mwakumana naye pa Upwork muyenera kulipidwa naye kudzera pa Upwork kwa zaka ziwiri, pokhapokha patalipidwa ndalama yomasulira ubalewo, ndipo kuphwanya lamuloli kukhoza kutsekesa akaunti yanu pamodzi ndi mbiri yonse imene mwamanga. Ngakhale kupatsana imelo kapena nambala ya foni mgwirizano usanayambe n'koletsedwa.

Lachiwiri likukhudza umwini wa ntchito. Ngati inu ndi kasitomala simunagwirizane zina, mfundo zimene Upwork imaika zimati umwini wa ntchitoyo umapita kwa kasitomala akangomaliza kulipira. Kwa wopanga zithunzi zoyenda, zimenezi zimadzutsa mafunso awiri amene ayenera kuyankhidwa polemba. Kodi mafailo a pulogalamu yopangira zithunzi zoyenda ya After Effects, okhala ndi njira zonse zimene mwapangira kanemayo, akuperekedwa pamodzi ndi kanema womalizidwa, kapena ali ndi mtengo wake? Nanga kodi muli ndi chilolezo choika masekondi ochepa a ntchitoyo mu showreel yanu ndi pa Behance? Makasitomala ambiri amavomera mosavuta akafunsidwa pachiyambi, ena amapempha kuti mudikire mpaka malonda awo atatuluka, ndipo amene akukana kotheratu ayenera kulipira mtengo wokwererapo, chifukwa kanema amene simungamuonetse kwa wina aliyense sangakubweretsereni kasitomala wotsatira.