Miyezi 10 ya galimoto yamagetsi m'dzuwa la Tete

Galimoto yamagetsiyi ndi yogwiritsidwa kale ntchito yochokera ku Japan: batire ya 40 kWh, pulagi yotchajira mwachangu ya mtundu wa CHAdeMO, yopanda madzi kapena fani yoziziritsira batire. Imayenda pa N7 pakati pa Tete, Moatize ndi Zóbuè, ndipo imatchajidwa pa chaja yachangu ya DC ya 50 kW ya pa depoti.

M'mwezi wa Juni ndi Julayi palibe chodandaula. Mavuto amayamba mu Okutobala, kunja kukapitirira madigiri 40.

Mukatchaja m'mawa batire ili pansi pa madigiri 30, imalandira pafupifupi 44 kW. Mukabwerera masana mutakwera mitunda ya ku Zóbuè, kompyuta yoyang'anira batire, BMS, imachepetsa mphamvu mpaka theka. Ambiri amathamangira kunena kuti chaja yafa. Siinafe. Ma amp, omwe ndi muyeso wa magetsi olowa m'batire, akawirikiza kawiri, kutentha kwa m'maselo (tizigawo ta m'kati mwa batire) kumawirikiza kanayi, ndipo batire yolemera makilo pafupifupi 300, yotsekeredwa pansi pa galimoto pamwamba pa phula lotentha, ilibe kotayira moto umenewo. Imasunga kutentha ngati mphika wadothi. Kuyima mphindi 20 pamthunzi wa mlambe kumathandiza dalaivala, osati batire. Iyo imafuna usiku wonse.

Ndiye kutentha komwe batire yafika nako pa chaja ndiko kumalamula. Gulani kachipangizo ka OBD2, kamene kamawerenga kompyuta ya galimoto, mukalowetse kunsi kwa chiwongolero, muziwerenga madigiri enieni pa foni, chifukwa timizere ta pa dashibodi timachedwa kukuuzani. Batire ikadutsa madigiri 45, musatchajenso mwachangu tsiku limenelo. Yendani 80 km/h m'malo mwa 110, ndipo chotsani pulagi pa 80 peresenti. Kuidzaza 100 peresenti n'kuisiya padzuwa ndiko kumakalambitsa maselo msanga kuposa china chilichonse. Usiku tchajani pang'onopang'ono pa AC, magetsi wamba a m'nyumba.

Chaja nayonso imapuma mpweya. Fumbi la malasha la ku Moatize limatseka mafyuluta ake, iyo n'kudzichepetsera mphamvu yokha. Atsukeni mwezi ndi mwezi.

Kwa woyenda m'tauni, kapena wa ku Ulongué kozizira, galimotoyi ndi yokwanira. Wotchaja mwachangu kawiri patsiku m'chigwa cha Zambezi afune ya batire yoziziritsidwa ndi madzi a glycol (madzi apadera oziziritsira), ndipo madziwo akachepa asathiremo a pa mjigo, athire okhawo olembedwa m'buku la galimotoyo.