Kompyuta yolumikiza wekha ikamafiriza: kufomata, kuyeza ndi flashi, kapena kubwereka zipangizo?

Anzanga amene analumikiza okha makompyuta awo akhala akundifunsa za vuto limodzimodzi: makina amangoima pakati pa ntchito, mausi osasuntha, kiyibodi osayankha, mpaka uzimitse pa batani. Njira zimene anthu amathamangira zilipo zitatu, ndipo sindizikonda mofanana.

Yoyamba ndi kupita nayo kwa okonza kuti akaifomate, kutanthauza kufufuta zonse n'kuikamo Windows mwatsopano. Imeneyi ndili nayo chakukhosi. Yanga itayamba kuvuta ndinapita nayo ku shopu ina m'tauni. Mkuluyo sanatsegule n'komwe bokosi, anangoti, "Windows yawonongeka, bwana." Tinagwirizana mtengo wofomata. Pokaitenga m'pamene ndinamva kuti kusamutsa mafayilo anga kuli ndi mtengo wake, kuika madiraiva nakonso mtengo wake, zonsezi osazitchula poyamba. Ndinalipira chifukwa zithunzi za ukwati wa mchemwali wanga zinali m'manja mwawo. Usiku womwewo inafirizanso.

Chimene chimandiwawa mpaka pano si ndalama zokha. Kufomata kumafufuta umboni. Mu Event Viewer, pulogalamu ya mu Windows yosunga zochitika, mumakhala mbiri ya zimene zinachitika makina asanaime, ndipo mauthenga olembedwa kuti WHEA-Logger m'menemo amaloza ku zipangizo, osati ku mapulogalamu. Mukafomata, zonsezo zapita. Komanso taganizani: kompyuta imene mwangoilumikiza kumene, Windows yake ndi yatsopano kale. Mukuikamo yatsopano inanso kuti ichize chiyani?

Njira yachiwiri ndi imene ndimauza aliyense kuti ayambire. Ikani pa flashi MemTest86 kapena Memtest86+, mapulogalamu oyeza RAM (memore imene kompyuta imagwiritsa ntchito ikayaka), onse awiri amapezeka aulere, n'kuyatsira kompyuta pa flashiyo. Windows sikhudzidwa n'komwe, choncho zolakwika zikaoneka, mlandu si wake. Isiyeni usiku wonse. Cholakwika ngakhale chimodzi n'chokwanira kukaikira RAM. Yanga inaonetsa zolakwika zambirimbiri, ndipo nditayesa RAM imodziimodzi, yoonongekayo inadziwika.

Koma musafulumire kukagula ina. Lowani kaye mu BIOS (masetingi a bodi amene mumalowamo Windows isanayake) muzimitse XMP, setingi yokweza liwiro la RAM, kapena EXPO ngati muli ndi purosesa ya AMD ndi RAM ya mtundu wa DDR5. Mukatero, RAM ya DDR4 yolembedwa liwiro la 3200 nthawi zambiri imabwerera ku 2133 kapena 2400, ndipo kufiriza kukasiya, ndiye kuti makina anu sakugwirizana ndi liwirolo basi. Onaninso mipata: pa mabodi ambiri a mipata inayi, RAM ziwiri zimakhala mu A2 ndi B2, wachiwiri ndi wachinayi kuchokera pa purosesa.

Kutentha mumakuona ndi pulogalamu ya HWiNFO, ndipo mapurosesa ambiri a Intel amadzichepetsa liwiro akafika madigiri 100. Thanzi la SSD, chipangizo chosungira mafayilo, mumaliona ndi pulogalamu ya CrystalDiskInfo. Njira imeneyi imadya nthawi, osati ndalama.

Pamene imalephera ndi pa power supply, bokosi logawa magetsi m'kompyuta. Mzere wake wa magetsi wa 12V uyenera kukhala pakati pa 11.4V ndi 12.6V, koma manambala a mapulogalamu si odalirika pamenepa, ndipo magetsi akatsika kwa kamphindi gemu itakolera, simungazione. Ngati makina amaima pokhapokha graphics card (chipangizo choyendetsa zithunzi) ikamagwira ntchito yolemetsa, pitani ku njira yachitatu: kubwereka power supply ya mnzanu imene mukudziwa kuti ili bwino. Palibe pulogalamu imene imayankha momveka ngati kusinthanitsa. Chizindikiro cha 80 Plus chisakunamizeni, chimangonena kuti chipangizocho sichiononga magetsi ambiri, osati kuti n'cholimba.

Vuto la kubwereka n'lakuti mumafunika mnzanu wa zipangizo zogwirizana ndi zanu, pakuti mukabwereka RAM mwachitsanzo, DDR4 siilowa mu mpata wa DDR5.

Kwa ine flashi ndiye yoyamba, kubwereka kwachiwiri, ndipo kufomata ndingakuganizire pokhapokha RAM, kutentha, SSD ndi magetsi zonse zitapezeka zili bwino. Pobwereka power supply ya mawaya ochotseka, tengani ndi mawaya ake omwe. Mawaya a makampani osiyana amatha kulowa bwinobwino koma olumikizidwa mosiyana m'kati, ndipo angathe kuotcha SSD yanu mukangoyatsa.