Kupolishitsa Porsche yakuda: amisiri odziwa polekera

Galimoto yanga ndi Porsche 911 ya mtundu wa 991, yopangidwa mu 2014, yakuda bii. Mwini wake woyamba ankaitsukitsa pa makina a maburashi aja, moti mumthunzi inkaoneka bwino, koma ikatuluka padzuwa boneti yonse inkadzaza timizere tozungulirazungulira. Ndinaipereka kwa amisiri amene ntchito yawo ndi kuchotsa timizere totere popanda kupopera penti yatsopano.

Bambo amene amatsogolera ntchito pamenepo sanathamangire makina opolishira. Anatenga kachipangizo koyezera kukhuthala kwa penti n'kuyamba kuzungulira galimoto, akulemba manambala papepala, chitseko ndi chitseko, mpaka padenga. Penti ya kufakitale nthawi zambiri imakhala ma micron 100 mpaka 180 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita) mukaphatikiza zonse: yapansi, yamtundu, ndi vanishi wapamwamba uja amati clear coat. Vanishiyo payekha ndi ma micron 40 kapena 50 basi, wopyapyala kuposa tsitsi limodzi la munthu. Kupolisha ndi kupala vanishiyo pang'onopang'ono mpaka pamwamba pafanane ndi pansi pa timizereto, ndipo chimene chapalidwa sichibwereranso. N'chifukwa chake munthu wongoyatsa makina asanayeze ine ndimamuopa.

Manambalawo anandiuza zimene wondigulitsa sananene. Fenda yakumbuyo kumanja inapitirira ma micron 300, kusonyeza kuti inapoperedwapo penti ina. Bamboyo anandiitana n'kundionetsa, kenako anati mbali imeneyo aigwira payokha, chifukwa penti yopoperedwa pambuyo sikhala yolimba mofanana ndi ya kufakitale. Pa mabampa kachipangizo kawo sikankawerenga, poti kamagwira pa chitsulo ndi aluminiyamu pomwe mabampa ndi apulasitiki. Sananamizire kuti akudziwa. Anangoti pamenepo ayenda mofatsa, chifukwa pulasitiki imasunga kutentha pamalo amodzi ndipo penti imapsa msanga.

Kutsuka sindikambapo zambiri, anachita zimene aliyense wodziwa ntchito amachita: thovu, ndowa ziwiri, mankhwala osungunula fumbi la mabuleki amene amasanduka apepo akakhudza chitsulo, kenako dongo lija lochotsa zomatirira. Analemba malire ndi tepi m'mphepete mwa zitseko, pa malabala ndi pa zilembo zakumbuyo.

Pamene ndinaona luso ndi pa kachigawo koyesera. Anadula kabwalo kakang'ono pa boneti ndi tepi, n'kuyamba ndi polishi wofewa kwambiri wa Menzerna pa siponji yofewa, makina ake a Rupes, aja amazungulira uku akugwedezeka kuti asatenthe malo amodzi. Timizere tina tinatsala. Anakwera sitepe imodzi yokha, osadumphira pa polishi wokhakhala. Atamaliza anapukuta ndi mankhwala a alikoho asanaunike ndi tochi, ndipo apa ndi pamene ambiri amaberapo makasitomala. Polishi amakhala ndi mafuta amene amadzaza timizere n'kutibisa, galimoto n'kuoneka yatsopano pochoka, koma mukaitsuka kangapo zonse zija zimabwerera. Akapukuta mafutawo, chimene ukuona ndi penti yeniyeni. Anamata tepi pakati kuti ndiyerekeze mbali ziwirizo: kwina kotuwa, kwina tochi ikuoneka ngati kadontho kamodzi kopanda mphonje.

Pa chitseko cha dalaivala pali mzere wautali ngati chikhatho, wakuya, woti chikhadabo chimakodwa ukadutsitsapo. Ndinkafunitsitsa uchoke, ndipo ndinanena kuti ndi umene wandibweretsa. Bamboyo anakana. "Bwana, kuchotsa ndingachotse, koma mudzandida pakatha zaka ziwiri," anatero. Penti ya pamenepo inali kale m'munsi, chapafupi ndi 100, ndipo kuti mzerewo utheretu ankayenera kudya gawo lalikulu la vanishi, amenenso ndi amene amateteza mtundu ku dzuwa. Vanishi akapyapyala kwambiri amayamba kuyera, kenako kusendeka, ndiye mankhwala ake ndi kupopera chitseko chonse. Anangosalaza m'mphepete mwa mzerewo kuti usamagwire kuwala. Ulipobe, ndimaudziwa pamene uli, koma mlendo amafunika kuwerama kuti auone. Tsiku limenelo sindinakondwe. Lero ndi chifukwa chachikulu chimene ndingawatumizire mnzanga, poti n'kosavuta kusangalatsa kasitomala lero n'kumusiyira vuto la mawa.

Zodandaula zilipo. Nkhani ya ceramic coating, mankhwala opaka pamwamba pa penti amene amauma n'kulimba kuti aiteteze, anaibwereza mpaka inanditopetsa. Ndikudziwa kuti imakhala zaka pomwe wax wa carnauba, wochokera ku masamba a mtengo wa kanjedza wa kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, amatha pa miyezi iwiri kapena itatu. Koma galimotoyi imagona m'galaja, imatuluka kumapeto kwa sabata, ndipo kupaka wax ndi manja anga ndi chimodzi mwa zinthu zimene ndimasangalala nazo. Mnyamata wa pa kauntala anafika ponena kuti ceramic imateteza ku timiyala ta pamsewu, zomwe si zoona. Imathandiza kuti madzi ndi dothi zisamatirire, koma chimene chimateteza ku miyala ndi pulasitiki yoonekera yomata pa penti. Abwana ake atamva anamukonza pomwepo, ndiwayamikire pamenepo.

Chinanso, galimoto inakhala kupitirira tsiku limene tinagwirizana ndipo palibe anandiimbira, ndinachita kufunsa ndekha. Poitenga ndinapeza wax wouma atayera m'mphepete mwa labala wa galasi lakutsogolo ndi pakati pa zilembo zakumbuyo. Anachotsa ndi kaburashi ndili pomwepo, koma anthu osamala chonchija pa penti sayenera kudikira kuti mwini galimoto awalozere.

Wakuda wake tsopano ndi wakuya, wonyowa, ndipo padzuwa la masana timizere tija palibe. Anandilangiza kuumitsa ndi makina ouzira mphepo m'malo mokhula ndi nsalu, poti penti yakuda ya Porsche imakalika msanga, komanso anandipatsa pepala la manambala aja, oyamba ndi otsiriza, kuti aliyense wodzaigwira mtsogolo adziwe vanishi amene watsala. Amene muli ndi galimoto ya penti yosanyezimira, ija ya matte, musaipereke ku makina opolishira kwa aliyense, imatuluka ndi zigamba zowala zimene sizikonzeka. Ine ndidzabwererako kukamatitsa pulasitiki yoteteza pa bampa ndi boneti, koma tsiku lotengera galimoto adzachita kulemba papepala.