Tamsulosin wa madala anga: mkodzo ukuyenda koma chizungulire chilipo

Madala anga ali ndi zaka 71, akhala akumwa tamsulosin miyezi 8 tsopano nde ndati ndilembeko mmene taonera ife, poti amene ndimawagulira ndi ine komanso amene ndinkamva chitseko chikulira usiku onse ndi ine ndemwe.

Vuto lawo ndi prostate yokula. Kanthu kameneka kamakhala kunsi kwa chikhodzodzo ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake, nde kakakula kamaifinya ngati waponda paipi yothirira dimba. Usiku amadzuka mwina kasanu, akafika kuchimbudzi ayime kaye kudikira, kenako uzingodontha dontha, pobwerera kukagona akumvabe ngati sanamalize. Ulendo wakumudzi ku Ntcheu anausiya kuopa kuimitsa basi isanafike ndi pa Zalewa pomwe anthu akuwayang'ana. Ndipo azibambo athuwa kusanena kwake eee, mukawafunsa amangoti "ndi ukalamba mwanawe." Tinadziwira tsiku lomwe mkodzo unatsekekeratu, kunsi kwa mchombo kutatupa gwaa, thukuta kamukamu, tinathamanga nawo kuchipatala 2 koloko usiku nkuwaika paipi.

Adokotala anawayeza ndi chala (apa madala anavuta kaye), anatenganso magazi a PSA (kuyeza kothandiza kuona ngati mu prostate mungakhale khansa), nkunena kuti sizikuonetsa za khansa. Mpamene anawalembera tamsulosin. Kapisozi mmodzi wa 0.4 mg patsiku, akatha kudya, nthawi yofanana tsiku lililonse, kumeza wathunthu osatafuna. Ntchito yake ndikufewetsa minofu ya pa prostate ndi pakhomo pa chikhodzodzo kuti njira itseguke.

Kunena zoona amagwira ntchito. Paipi anaichotsa patatha masiku, mmene amakwana masabata awiri nkuti akudzuka kawiri kokha usiku, masiku ena kamodzi. Mayi anati ayambanso kugona tulo ngati munthu.

Koma chizungulire amwene. Sabata yoyamba anadzuka pampando mwachangu kuti akatsegule geti, anangoti dzandi dzandi nkukagwira khoma, pang'onong'ono akanamenyetsa mutu pa tebulo. Mankhwalawa amatsitsako BP munthu akaimirira mofulumira, nde pano amayamba akhala kaye mphepete mwa bedi asanaime, ndipo usiku tinawaikira ndowa kuchipinda asamatuluke mumdima. Adokotala anayambanso kufotokoza zakuchipinda ine ndinatuluka ndithu, si zomvera mwana zimenezo, koma papepala lamubokosi analemba kuti kwa ena umuna umachepa.

Chimene sindinasangalale nacho, ine ndimaona ngati akamaliza bokosi limodzi kapena awiri basi achira. Ayi. Tamsulosin sachepetsa prostate, amangotsegula njira, ukasiya vuto limabwerera. Tinaona tokha mwezi wina ndalama zitavuta anakhala masiku angapo osamwa, kudontha kuja kunayambiranso. Ochepetsa kukulako ndi finasteride wa 5 mg amene anawaonjezera pambuyo pake, koma ameneyo ndi wapang'onopang'ono, amafuna miyezi 6 kuti uone kusintha, ndipo mayi woyembekezera asagwire piritsi losweka. Zikakanika zonse ndi opaleshoni yopala prostate kudzera munjira ya mkodzo momwemo, amati TURP. Nde ndi bajeti ya mwezi ndi mwezi, ndipo mtengo umasiyana kwambiri mma pharmacy, yendani muwiri mutatu musanagule.

Zina ziwiri zomwe anatichenjeza: mankhwala ena a chimfine otsegula mphuno aja amatha kutsekanso mkodzo, funsani kaye musanawagulire. Komanso madala ali ndi ng'ala diso lakumanzere, anati tikamapita ku opaleshoni ya maso tikanene kuti amamwa tamsulosin chifukwa amasokoneza kadiso kamkati pochita opaleshoniyo.

Mankhwalawa ine ndiwapatsa 4 pa 5, imodziyo ndachotsera khoma lija. Mwezi watha madala anakwera basi kupita ku Ntcheu kumaliro a asuweni awo, tiyi wammawa anamukana dala, anandiimbira ali pa Chingeni kungondiuza kuti sanatsikepo olo kamodzi.