Magobi "ofatsa" ochokera ku loja ya ku Maputo: awiri ali bwino, wachitatu sanayenera kutumizidwa ku Tete

Ndikupereka nyenyezi zitatu, ndipo yachitatuyo ndi ya amayi eni loja, osati ya mnyamata amene amayankha mauthenga pa WhatsApp.

Oda inali ya nsomba zitatu za pa mndandanda wawo wa magobi ofatsa, tinsomba ta m'nyanja ya mchere toweta m'thanki: yellow watchman pamodzi ndi pistol shrimp yake (kankhanu kokhala nayo mu una umodzi), neon goby, ndi kagobi kachikasu kotchedwa clown goby. Mtengo unali wa nsomba kuphatikiza wa ndege kudzafika ku bwalo la Chingodzi ku Tete, ndipo pamenepo palibe dandaulo. Thanki ndi ya malita 200, ili ku Moatize, mchere wake 1.025, ma coral (zamoyo za m'nyanja zooneka ngati zomera) ofewa okhaokha. Zonsezi zinalembedwa mu uthenga woyamba, kuphatikizapo kuti mu Okutobala madzi amakwera kufika madigiri 28 ngakhale mafani awiri akuzungulira pamwamba pake.

Bokosi litatsegulidwa, clown goby munalibe. M'malo mwake munali kansomba kofiira kwambiri kokhala ndi mizere ya buluu yowala kumutu ndi m'mbali. Ndi kokongola, sindikana. Koma imeneyi ndi Catalina goby, Lythrypnus dalli, nsomba ya ku gombe la California komwe madzi ake ndi ozizira. Imakhala bwino pa madigiri apakati pa 15 ndi 21. Thanki ya ma coral imasungidwa pa 24 mpaka 26. Manambala awiriwa sakumana, ndipo aliyense wogulitsa nsomba za m'nyanja ya mchere ayenera kudziwa zimenezi asanamange thumba. Pa 26 kansombaka sikafa tsiku lomwelo, ndiye chifukwa chake ogulitsa amapulumukira pamenepa. Kamadya, kamaoneka bwino milungu yoyamba, kenako mtundu umafwifwa, kamapuma mofulumira, kamasiya chakudya. Mwini thanki amayamba kukayikira madzi ake, kuyeza ammonia (poizoni wochokera ku zonyansa za nsomba), kusintha mchere, pomwe vuto linabwera ndi nsombayo.

Yankho la mnyamata uja linali lakuti clown goby inatha, ndipo iyi "nayonso ndi gobi, ndi yofatsa, simenya". Ndinamutumizira dzina lake la m'mabuku ndi madigiri ake. Anati makasitomala ena sadandaula. Ndinamufunsa ngati akudziwa kutentha kwa ku Tete, komwe masana a Okutobala ndi Novembala amapitirira madigiri 40, makoma a nyumba n'kumatenthabe mpaka pakati pa usiku. Anawerenga, nkhupakupa ziwiri za buluu zinaoneka, osayankha masiku anayi. Chimene chimandipweteka si kutha kwa clown goby. Nsomba zimatha, ndi malonda. Koma panali masiku awiri athunthu pakati pa kulipira ndi kutumiza, ndipo uthenga umodzi wofunsa kuti kodi mulandira ina ukanakwana. Anasankha yekha ndi ndalama za mwini, n'kusankhanso nsomba imodzi yokha pa mndandanda wonsewo imene singakhale kuno.

Kansombako kanaikidwa m'kathanki kapadera ka malita 40, ndi mabotolo a madzi oundana osinthidwa katatu pa tsiku. Njira imeneyi ndi yongodzitonthoza: botolo likalowa madzi amatsika kufika 22, likasungunuka amabwerera ku 27, ndipo kukwera ndi kutsikako kumafoola nsomba mofanana ndi kutentha kwenikweniko. Kanafa pa tsiku la 19. Popanda chiller (makina oziziritsa madzi) yakeyake musailandire nsomba imeneyi, ngakhale muli ku Ulongue kumene kumazizira, pakuti thanki ya ma coral simungaitsitse kufika pa 18 popanda kupha zina zonse.

Tsono zabwino, chifukwa zilipo. Kamangidwe ka katundu kanali kosamala. Nsomba iliyonse m'matumba awiri, madzi gawo limodzi mwa atatu, kwinako mpweya, ndipo pistol shrimp m'thumba lakelake ndi kachidutswa ka paipi kobisalamo. Madzi a m'matumba anayezedwa 1.021 pa refractometer, chida choyezera mchere wa m'madzi. Apa muzisamala: nsomba ikakhala maola ambiri m'thumba lotseka, pH (muyezo umene umatsika asidi akachuluka m'madzi) imatsika ndipo ammonia sakhala woopsa kwambiri, koma mukangotsegula pH imakwera, ammonia uja n'kuyamba kuotcha. Choncho musadonthezere madzi a m'thanki m'thumba lotsegula maola awiri monga ena amalangizira. Yandamitsani thumba lotseka mphindi 15, konzani kathanki kapadera pa mchere wofanana ndi wa m'thumbalo, samutsani nsomba popanda madzi ake, kenako kwezani mchere pang'onopang'ono masiku angapo mpaka 1.025. Pistol shrimp ndi imene imafuna kudonthezera, mphindi 30 mpaka 45, ndipo isakhudzane ndi mankhwala a copper ngakhale pang'ono.

Yellow watchman, Cryptocentrus cinctus, inafika yonenepa, mimba yosaphwa, ndipo inadya mysis (tinkhanu ting'onoting'ono todyetsa nsomba) tsiku lachiwiri. Itamaliza milungu inayi m'kathanki kake kapadera inapeza shrimp ija itakumba kale una pansi pa mwala m'thanki yaikulu, ndipo tsiku lomwelo zinagwirizana. Shrimp siona bwino, ndiye imakumba ili chikhudzire gobi ndi ndevu yake imodzi. Gobi akagwedeza mchira zonse zimalowa mkati. Nsomba imeneyi ndi yofatsadi kwa zina, imangoyasamula kukamwa poopseza yoyandikira khomo lake, koma musaiphatikize ndi gobi wina wokhala ku una m'thanki yaing'ono, zidzalimbirana shrimp. Mchenga ukhale wakuya masentimita 5 kapena kuposa, wosakaniza wosalala ndi tizidutswa ta coral ndi zigoba, chifukwa mchenga wosalala wokha umagumuka. Miyala ikhale pa galasi lapansi musanathire mchenga. Mukaisanja pamwamba pa mchenga, shrimp idzakumba pansi pake, mwala n'kugwa. Ndipo vindikirani thanki ndi neti ya maso aang'ono, osasiya mpata ngakhale pomwe pakudutsa waya. Magobi amadumpha, makamaka usiku woyamba komanso magetsi akabwerera mwadzidzidzi. Galasi lathunthu pamwamba limatsekera kutentha, kuno neti ndiyo yoyenera.

Neon goby, Elacatinus oceanops, ili bwino. Ndi yoswedwa m'thanki, imadya chakudya chouma chopera, imanyomola tizilombo pa nsomba zina, ndipo sipitirira masentimita 5. Dziwani chabe kuti moyo wake ndi waufupi, chaka chimodzi kapena ziwiri.

Pa tsiku lachisanu mnyamata uja ali chete, anaimba foni amayi eni loja okha. Sanazungulire. Anati Catalina inabwera molakwika m'bokosi lochokera kumene iwo amaoda nsomba, sinayenera kuchoka m'manja mwawo, ndipo mtengo wake ausunga ngati ndalama za oda yotsatira. Za ndege sanabweze, ndipo ndimaona kuti akanayenera kugawana. Koma pa foni yomweyo anachita chinthu chimene ogulitsa ambiri sachita. Nditafunsa za diamond goby, Valenciennea puellaris, kuti ilowe m'malo, anakana kundigulitsa. Anafunsa zaka za thanki ndi kukula kwa malo a mchenga, n'kunena kuti siikwana. Akunena zoona. Gobi ameneyu amameza mchenga tsiku lonse n'kusefa tizilombo ta mkati mwake, ndipo m'thanki yatsopano kapena yaing'ono amamaliza zonse m'miyezi yochepa, kenako amaonda mutu n'kuoneka waukulu kuposa thupi. Amafika masentimita 15 ndi kuposa, ndipo amathira mchenga pa ma coral apansi. Mayi wodziwa zimenezi sali wakuba. Vuto ndi loti mauthenga anawasiyira munthu amene kwa iye gobi ndi gobi basi.

Mndandanda wawo umafunika kuuwerenga ndi maso awiri. Pali mandarin, amene si gobi konse koma dragonet, nsomba ya banja lina, ndipo amadya tizilombo tamoyo totchedwa copepod. M'thanki yosakhwima amafa ndi njala chakudya chili m'madzi. Pali engineer goby, nayenso si gobi, amagulitsidwa ali kamwana ka mizere yoyera ndi yakuda koma amakula kupitirira masentimita 30 n'kumakumba pansi pa miyala yonse. Firefish ndi yofatsa ndithu, koma gulani imodzi, chifukwa ziwiri zosakwatirana imodzi imathamangitsa inzake mpaka kudumpha. Clown goby amene ndinkafunayo ndi wabwino kwa ma coral ofewa, koma amene muli ndi Acropora, ma coral olimba a nthambi, dziwani kuti amakhala pa nthambi zake n'kumazinyomola, makamaka akafuna poikira mazira. Palibe chimodzi mwa izi cholembedwa pa mndandandawo, pangokhala chithunzi, mtengo ndi mawu akuti yofatsa.

Ndidzagulanso, koma polankhula ndi amayiwo mwachindunji, ndi dzina la m'mabuku la nsomba iliyonse litalembedwa, komanso mawu akuti ikasowa ina musasinthe osandifunsa. Muzipemphanso kanema wa nsombayo ikudya asanaimange, ndipo oda ikhale ya Juni kapena Julayi, osati nyengo yotentha imene bokosi lingatenthe likudikira pa bwalo la ndege. Ndalama za Catalina zikadali kwa iwo, ndikudikira clown goby. Dzulo ndinayang'ananso mndandanda wawo, Catalina akadalipo pakati pa magobi ofatsa.