Yamaha MG12XU: ndayigwiritsa ntchito miyezi 8 m'tchalitchi ndi pa zinkhoswe

Ndine amene ndimayang'anira zokuzira mawu pa tchalitchi chathu chaching'ono ku Ndirande, ndipo Loweruka lina ndimanyamula zida kukathandiza pa chinkhoswe kapena ukwati m'maholo ang'onoang'ono. Mikisa yathu yakale, chida chophatikiza mawu a maiki ndi zoimbira asanapite ku masipika, inali itatheratu. Ukangokhudza faderi imodzi, kokankha kaja kokwezera ndi kutsitsira mawu, masipika ankathetheka ngati chimanga chili m'chiwaya. Komiti itavomera zogula ina, anyamata a kwaya ankafuna ya digito, yoyendetsa pa tabuleti. Ine ndinaumirira ya analogi, ya manobu ogwira ndi manja, Yamaha MG12XU, ndipo mpaka lero sindinong'oneza bondo.

Chifukwa chake ndi ichi. Sindipezeka Lamlungu lililonse, ndiye pa mikisa pamakhala aliyense amene wapezeka. Maiki ikayamba kulira tswii mapemphero ali mkati, munthu alibe nthawi yofufuza m'mamenyu. Pa MG12XU chilichonse chili poyera, diso likuona, dzanja n'kufikapo. Mnyamata wina wa Fomu 3 ndinamuonetsa kawiri kokha, gain (nobu ya mphamvu ya mawu olowa) apa, faderi apa, ndipo pano amayendetsa yekha mapemphero a m'mawa.

Chomwe chandigwira mtima kwambiri ndi kompuresa ya nobu imodzi, yochepetsa kusiyana kwa mawu otsika ndi okwera, yomwe ili pa machanelo (njira zolowera mawu) 1 mpaka 4. Abusa athu akamalalikira amayamba motsitsa ngati akunong'oneza, kenaka mwadzidzidzi n'kukweza mawu mpaka ana ogona kumsana kudzidzimuka. Kale ndinkakhala chala chili pa faderi ulaliki wonse. Tsopano ndimangopotoza nobuyo pang'ono, mawu otsika amamveka mpaka benchi lomaliza, okwera sang'amba makutu. Amayi ena achikulire omwe amakhala kumbuyo anandiimitsa pakhomo n'kunena kuti, "Mwanawe, lero ndamva ulaliki wonse." Batani la 80 Hz nalonso limagwira ntchito: limadula kuguguda kuja kobwera munthu akagunda maiki kapena akaponda pa pulatifomu ya matabwa.

Ma effect a SPX, zokometsera mawu za mkati mwa mikisayi, alipo 24. Kunena zoona ndimagwiritsa ntchito awiri okha, ndipo pang'ono zedi, poti denga lathu ndi lamalata opanda siling'i, mawu amabwerera okha. Panja, m'tenti ya chinkhoswe, ndi pomwe reverb, effect yochititsa mawu kumveka ngati akubwerera, imakometsadi mawu a woimba.

Koma pali pomwe ndinaphonya ine mwini, ndipo musaphonyepo inunso. Nditaona nambala 12 ndinaganiza kuti ndi maiki 12. Ayi. Polowetsa maiki ndi 6 pokha, kwinako ndi kwa zinthu ngati kiyibodi kapena laputopu. Kwa ife maiki ya abusa, ya wotsogolera mwambo, atatu a oimba ndi imodzi ya kwaya, basi zadzaza. Tsiku lomwe kunabwera gulu la alendo ndi ng'oma zawo, ndinachita kuzula maiki ya wotsogolera nthawi iliyonse akamaimba. Ma aux, njira zapadera zotulutsira mawu, nawo ndi awiri, ndipo imodzi imapita ku ma effect, ndiye monita yeniyeni, sipika yoti oimba azidzimvera okha, imatsala njira imodzi. Woimba kiyibodi akufuna kudzimva kwambiri, oimba akufuna mawu awo, onse pa sipika imodzimodziyo. Zonsezi zinalembedwa poyera, vuto linali langa losawerenga maiki athu ndisanapite kusitolo.

Dziwaninso kuti phantom ya 48V, magetsi omwe maiki ena amafuna kuti agwire ntchito, ili ndi switchi imodzi ya malo onse a maiki. Muziyamba mwatsitsa mafaderi musanayiyatse.

Pa USB timajambulira ulaliki mu laputopu, n'kutumizira odwala ndi okalamba pa WhatsApp. Imatenga mawu onse ataphatikizidwa kale, osati chanelo chilichonse pachokha, koma pa ulaliki n'zokwanira. Thupi lake ndi lachitsulo, ndipo yakwera minibasi kangapo ili pamiyendo panga popanda chophotchoka. Magetsi akathima timayatsa jenereta, koma ndimadutsitsa pa stabilizer nthawi zonse. Fumbi la mu Okutobala ndilo ndimaliopa, choncho tikangoweruka ndimayifunditsa chitenje.

Ngati muli ndi mlaliki, oimba atatu kapena anayi ndi kiyibodi, igulani osakayika. Ngati muli ndi bandi yathunthu ya ng'oma, besi ndi magitala, dikirani ndalama zikwane mutenge MG16XU, yomwe imalandira maiki 10 ndipo ili ndi ma aux 4. Ife tayamba kale kusonkha.